Amene Ndinatsika Naye pa Phiri la Tunggak

Izi si za kandimverere. Ndinalipo, miyendo yangayi ndi imene inayenda njirayo, ndipo pali anthu atatu amoyo amene angakuuzeni zomwezi: bambo Ngatijo amene amasunga zitupa pachipata cha phiri la Tunggak, akazi awo mayi Ponirah ogulitsa tiyi pomwepo, ndi Danang, mtsogoleri wa gulu lathu. Mukafuna pitani mukawafunse. Ine ndatopa nako kulumbira.

Dzina langa ndine Wening. Pakati pa sabata ndimagulitsa mankhwala mu famase ina ku Salatiga, Loweruka ndimakwera mapiri. Pa gulu lathu ndinali wotsekera kwa zaka zisanu ndi zinayi. Wotsekera ndi munthu woyenda pambuyo pa onse. Sapitirira munthu, ngakhale munthuyo aziyenda ngati wasenza mtondo. Amafika pachipata womaliza, ndipo akanena kuti kumtunda sikunatsale munthu, nkhani yatha, palibe amafunsanso. Ntchitoyi imafuna munthu wodekha. Ine kudekha ndinalibe, n'chifukwa chake dzina langa la kuphiri linali Tsabola.

Pa phiri sitiitanana mayina enieni. Eni nkhalango, mizimu ya kumeneko, akamva dzina lako amalisunga, kenako n'kudzakuitana nalo ndi mawu a mnzako. Choncho aliyense amadziwa kuti ukamva dzina lako lenileni likuchokera m'tchire, suyankha. Wotsekera ndiye sacheuka n'komwe, pakuti kumbuyo kwake kulibe munthu. Lamulo limeneli ine ndi amene ndinkaphunzitsa alendo.

Mng'ono wanga Kinanti anakwatiwa ndi a Purwoko, munthu wonenepa, wosekaseka, woweta njiwa zoimba. Sindinkadana nawo, koma ankandikwana. Kinanti amasoka zovala kuyambira mbandakucha mpaka msana kuuma, iwo ali pakhonde kulizira mbalame zala kuti ziyimbe. Lachisanu lina nditapita kukawaona, Kinanti anandikokera kukhitchini.

"Achemwali, adokotala ati shuga wakwera, aziyenda. Mawa muwatenge kuphiri."

"Amuna akowo? Ngakhale kumzikiti wa kuseri kwa nyumbaku amapita pa njinga yamoto."

"Ndakumvanitu alamu," anayankhira pakhonde a Purwoko. "Ine pa unyamata wanga ndinkathamangitsa basi n'kuipeza."

"Inali itaima pa siteji," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. Kinanti sanaseke. Anandigwira pamkono n'kunena chapansipansi, "Ena sindingawakhulupirire. Inu mumakhala kumbuyo. Mukabwere nawo." Ndinavomera, poti mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mtima wanga unali utakana kale.

Loweruka tinafika pachipata kusanache bwino, tilipo asanu ndi atatu. Aliyense anasiya chitupa chake kwa bambo Ngatijo, kuti adzatenge potsika. Kumwamba kunali kolemera, ndiye tonse tinagula malenikoti a pulasitiki kwa mayi Ponirah, amene amagulitsa mtundu umodzi wokha, achikasu, aatali mpaka m'zidendene. Nditayang'ana mapazi a alamu anga ndinapeza avala mapatapata.

"Nsapato zija ndinakuuzani zili kuti?"

"Zimandifinya, alamu. Phazi la munthu wosauka limafuna mpweya."

Tisanafike pa chisakasa choyamba anali atalandira kale dzina lawo, Nkhono, ndipo analikonda. Njira ya Tunggak ili ndi zisakasa zinayi zopumirapo, ndipo pa chilichonse iwo ankakhala pansi, kumasula mpunga wawo wa m'masamba a nthochi, kuyatsa fodya wawo wonunkhira, kuimbira mbalame malikhweru. Mbalamezo zinkawayankha, iwo n'kumandiyang'ana ngati awina mpikisano. Anzanga anali akujambulana pansonga, ine ndili kumbuyo kwa msana wa munthu amene amapuma pakatha mapazi makumi awiri. Tinafika pamwamba mochedwa ndi maola awiri, mitambo itatseka kale chilichonse. Ndinakwera phiri lonse kudzaona nkhungu.

Potsika, titangofika pa chisakasa chachinayi, chapamwamba pa zonse, mvula inayamba. Nthawi inali cha m'ma wani koloko. Tonse tinavala malenikoti, ndipo a Purwoko anagwira pamimba.

"Alamu, m'mimba mwandigwira. Tempe wokazinga uja, zitumbuwa za soya zija."

"Munadya asanu ndi awiri. Mumayembekeza chiyani?"

Danang anayang'ana kumwamba. "A Tsabola, mtsinje wa pansi paja ukadzaza tigona konkuno. Ine ndikutsogola ndi enawa."

"Pitani. Katunduyu ndi wanga."

A Purwoko analowa m'tchire kuseri kwa chisakasa, akupempha malo kwa eni ake monga mwa mwambo, koma mwanthabwala, ngati akupempha moto kwa aneba. Nkhungu inawameza. Ndinadikira mphindi khumi. Makumi awiri. Madzi anali akulowa m'sokosi, misundu itayamba kukwera. Ndinaitana, "A Nkhono!" Zii. Ndinaitananso, mokalipa. Patatha theka la ola ndinali nditapsa mtima moti ndikanatha kuwiritsa tiyi pachipumi.

Kenako ndinawaona. Lenikoti yachikasu, chipewa chake chitavindikira mutu, ili m'njira kumunsi kwanga, mapazi ngati khumi, ikuyenda kale. Anatulukira kwina, osandiuza n'komwe. Ndinakukuta mano n'kunyamula chikwama.

"Zikomo kwambiri pondidziwitsa, bwana," ndinatero.

Sanayankhe. Ndinati akwiya chifukwa cha tempe uja. Ndinawatsata.

Sitinayende mphindi zisanu pamene likhweru linamveka kumbuyo kwanga, kumtunda. Linali lofanana ndi kulira kwa njiwa, koma lothamanga, lodukaduka. Mvula ikamagwa mbalame siziimba. Ndinapitiriza kuyenda. Kenako mawu.

"Alamu!"

Anali mawu a a Purwoko, enieni, pamene a Purwoko ndinali ndikuwaona patsogolo panga.

"Wening!"

Dzina langa lenileni. Lenikoti ija inaima. Sinacheuke. Inangoima pakati pa njira, ngati ikudikira kuona chimene ndichite.

"Musacheuke," ndinanong'ona. "Si munthu ameneyo. Tiyeni."

"Wening!"

Mawuwo anasweka kumapeto kwake, ngati a munthu amene akumva ululu. Ndinaganiza kuti zinthu zimenezi n'zochenjera bwanji, zafika pophunzira ndi kulira komwe. Ndinayamba kupemphera chamumtima, maso ali pa msana wachikasuwo.

"Weniiing!"

Kachitatu. Lenikoti inayambanso kuyenda, ine pambuyo. Tinakhota pa thanthwe lalikulu, phokoso la madzi n'kuphimba zonse. Ndikuuzeni zoona, ndinadzitama mumtima. Zaka zonsezo ndinkaphunzitsa lamulolo ndisanayesedwepo, ndipo tsopano ndinali nditapambana.

Mantha atachepa, mkwiyo unabwerera. Munthu ndamupulumutsa, ngakhale zikomo ayi. Tinadutsa chisakasa chachitatu osaima, ndipo ndinati, "Lero mwadziwa kuyenda? M'mawa muja miyendo munaibwereketsa?" Chete. Ndinafulumira kuti ndiwayandikire, koma mtunda unali womwewo, mapazi khumi. Ndikachepetsa, nawonso ankachepetsa. Ndinati akuchitira dala, ndipo pakamwa panga panatseguka.

Ndinawauza zonse zimene ndinasunga zaka khumi. Kuti mng'ono wanga wakalamba asanakwane zaka makumi atatu ndi zisanu chifukwa cha iwo. Kuti njiwa zimadya bwino kuposa mwana wawo. Kuti mwamuna ameneyu kumuchotsa m'nyumba muja palibe chingasinthe, koma mpunga ungamatsale. Ndinalankhula kuyambira pa chisakasa chachitatu mpaka tinawoloka mtsinje, ndipo kusayankha kwawoko kunkangondiwonjezera moto. Ndinkafuna andiyankhe, andituke, achite chilichonse.

Pa chisakasa chachiwiri mawu anandithera. Nditakhala chete m'pamene ndinayamba kumva.

Mvula inkalira pa lenikoti yanga, phaphapha, mpaka m'makutu kuwawa. Pa yawo sinkalira. Madontho ndinkawaona akugwa, akutsetsereka. Phokoso panalibe.

Mapatapata m'matope amalira. M'mawa monse anandisokosa. Tsopano sindinkawamva.

Ine wa nsapato za mano ndinali nditagwa kawiri. Iwo sanaterereke ngakhale kamodzi.

Ndipo fungo. A Purwoko ankanunkha fodya wawo uja ngakhale atangosamba. Mphepo inkachokera kutsogolo, kwa iwo, ndipo inkabweretsa fungo la chinangwa chootcha. M'nkhalango yonyowa chonchija. Popanda moto. Popanda mudzi.

"A Nkhono," ndinatero. "Tandiyankhani."

Anapitiriza kuyenda.

"Alamu, zija ndanena zija, unali mkwiyo chabe."

Palibe.

Ndikanatha kuthamanga, kuwagwira paphewa, kuvundukula chipewacho. Ndinadziuza kuti wotsekera sapitirira munthu. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndinadziuzanso kuti ndi kutopa, kuti mawu aja andisokoneza mutu, kuti tikafika pamagetsi ndidzadziseka ndekha. Nyenje zonse zinali zitasiya kulira. Ndinkangomva mpweya wanga.

Tinatuluka m'nkhalango kukuchita chisisira, ku mzikiti wa m'mudzi akuitanira swala ya madzulo. Nditaona babu la pachipata ndi utsi wa pa mbaula ya mayi Ponirah, mantha onse anaoneka opusa. Lenikoti ija inalunjika pawindo la bambo Ngatijo. Ine ndinapatukira pa mpopi kukachotsa misundu, inalipo isanu ndi umodzi, yokhuta. Danang anakweza dzanja ali m'galimoto ndi ena aja.

"Mwafika naye katundu wanu?"

"Ndafika naye. Onse atsika."

Bambo Ngatijo anamva, anandipatsa chitupa changa, n'kutseka windo.

Njinga yamoto ya a Purwoko inali pamene anaisiya. Ndinadikira. Ndinasuzumira kuchimbudzi, m'kachipinda kopemphereramo, kuseri kwa mashopu. Foni yawo inali yozima.

"Bambo, alamu anga aja alowera kuti?"

"Onenepa aja? Atenga chitupa, apita. Anangotambasula dzanja, osanena kanthu. Chitupa chachimuna chinatsala chimodzi chokha, ndawapatsa."

"Nkhope munaiona?"

"Mvula imeneyi ndani akuvula chipewa?"

"Ine ndinawaitanira tiyi, anangondidutsa," anatero mayi Ponirah. "Atsikira cha kumsewu. Mwayambana eti? Inu pakamwa panu timapadziwa."

Ndinavomera kuti ndinawakalipira. Limenelo linali bodza limene ndinalipanga ndi zoona zokhazokha, pakuti kuyambira pamenepo aliyense anali ndi nkhani yomveka: munthu watukwanidwa ndi mlamu wake maola anayi, wakwera basi, wapita kukaziziritsa mtima kwa abale ake. Kinanti atamva anangoti, "Munawanena chiyani?" Nditamuuza pang'ono chabe, anadula foni.

Lamlungu sanabwere. Lolemba sanabwere. Achibale a ku Klaten sanawaone, anzawo a njiwa sanawaone. Ine usiku sindinkagona, mawu aja ankangobwerera, makamaka achiwiriwo, osweka kumapeto. Lachiwiri ndinatseka famase masana n'kupita kwa mkulu wa gulu lofunafuna anthu osowa m'mapiri. Ndinamufotokozera zonse, za mvula yosalira, za chinangwa, za mawu.

Anandimvetsera akusewera ndi cholembera. "Mayi, amene ananena kuti onse atsika ndani?"

"Ndine."

"Chitupa chinatengedwa?"

"Chinatengedwa, koma..."

"Mboni zitatu zinamuona pansi, inu wachinayi. Ndiye nditumize anthu makumi awiri m'mvula imeneyi, njira itagumuka, chifukwa munamva mawu? Pa Tunggak aliyense amamva mawu. Inuyo mumadziwa bwino kuposa ine."

"Tumizani awiri okha. Kuseri kwa chisakasa chachinayi basi."

"Kafufuzeni kumalo okwerera basi, mayi. Amuna amathawa. Si woyamba."

Ndinamenya tebulo mpaka kapu yake inagwa, ndipo anandiperekeza panja mwaulemu, umene umapweteka kuposa mbama. Ndinapita kwa Danang. Anandiuza kuti ndikufuna kuchotsa mlandu pakamwa panga n'kuukankhira kwa mizimu. "Ndinamuona ndi maso angawa, achemwali. Mukufuna ndinene kuti ndinaona chiyani?" Lachitatu m'mamawa ndinapita ndekha ndi chingwe. Phiri linali litatsekedwa chifukwa cha kugumuka kwa nthaka pa mtsinje, ndipo bambo Ngatijo anaima pachipata atatambasula manja.

"Mwana wanga, ndikakulola ukafe, andimanga ine."

"Kuli munthu kumtundaku, bambo!"

"Munthuyo ndinamupatsa chitupa ndi dzanja langali."

Ndinayesa kudutsira m'minda ya kabichi, koma mtsinje unali utadya njira yonse, madzi ofiira akugubuduza miyala. Ndinaima pagombe n'kukuwa dzina lawo lenileni mpaka mawu anatha. Sindinasamalenso za amene angalimve. Palibe chinayankha.

Sindinakwiyepo m'moyo mwanga ngati sabata imeneyo. Kulikonse kumene ndinkagogoda ankanditsekera chitseko ndi mawu anga omwe. Zaka zisanu ndi zinayi ndinamanga mbiri yoti Tsabola akati onse atsika ndiye kuti atsika, ndipo tsopano mbiriyo ndinkalephera kuigwetsa ngakhale ndinkalira pamaso pawo.

Madzi anaphwa patatha masiku asanu ndi atatu. Tsiku lachisanu ndi chinayi amuna awiri omweta udzu wa ng'ombe anakwera mpaka pamwamba, ndipo anaona chinthu chachikasu m'chigwembe, kuseri kwa chisakasa chachinayi. Kuchokera pamene ndinaima kudikira paja sipankakwana mapazi makumi anayi. Anali a Purwoko. Nthaka inawagumukira, anagwa, mwendo unathyoka pawiri. Lenikoti yawo anaiyala pamiyala, ataipinda bwino kuti izisunga madzi akumwa. Masamba onse amene dzanja likanafikira anali atadyedwa. Adokotala anati anamwalira masiku awiri okha asanapezeke. Anakhala moyo sabata yathunthu.

Chitupa chawo chinali m'thumba la malaya, chouma. Bambo Ngatijo atachiona anakhala pansi pa dothi. Mpaka lero amalumbira kuti anachilandira m'mawa ndi kuchipereka madzulo, ndipo ine ndimawakhulupirira. Mayi Ponirah anasiya kugulitsa malenikoti achikasu. Danang salankhula za tsikulo, koma mukamufunsa mwachindunji amakuuzani kuti anaona anthu awiri akutuluka m'nkhalango.

Tinawaika tsiku lomwelo. Kinanti sanandilankhule pamaliro, ndipo za mawu aja ndinali ndisanamuuze. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri chiikireni maliro, pokonzekera mapemphero, tinapezeka awiriwiri m'chipinda chake chosokera, tikupinda timabokosi ta mpunga wa alendo. Pakhonde njiwa zinali zikulira, palibe anakumbuka kuzivindikira. Tinapinda kwa nthawi yaitali.

"Usiku uja asanapite ankaopa," anatero Kinanti osandiyang'ana. "Anati miyendo yawo siidzakwanitsa. Kenako anati, palibe kanthu, alamu amalalata koma sasiya munthu."

Ndinasiya kupinda.

"Ndimawadziwa amuna anga. Sakanangokhala chete." Anaika bokosi pansi. "Anakuitanani?"

"Eee."

"Dzina lanu?"

"Katatu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutenga bokosi lina. Anapinda ngodya zonse zinayi, n'kulisanja pamwamba pa anzake.

"Nanga amene munamusamalira njira yonseyo, mpaka kumufikitsa m'mudzi, anali ndani?"

Papita zaka zitatu, ndipo yankho la funso limenelo ndilibebe.